Thabwa la Mwendo Wamanja

Ine kusambira sinditha, ndipo anthu a kunyanja sanatope kundiseka nazo. Ndinabadwira kumapiri a Dedza, kumene madzi akuya amene ndinawadziwa ndili mwana anali a m'dambo, olekeza m'mawondo. Komabe kwa zaka zingapo ndinali mmisiri wopanga matabwa otsetserekera pamadzi pa kahotela kena kufupi ndi Nkopola. Kahotelako kanagwa kalekale, ndipo pamalo pake pali mpanda wa munthu amene sindimudziwa.

Anandilemba ntchito yokonza mipando, zitseko ndi mabedi. Za matabwawa zinangobwera. Hotela inali ndi boti la injini lokokera alendo pamadzi, ndipo matabwa amene ankakwerapo anali ochokera kunja. Dzuwa la Mangochi silinyengerera katundu wa kunja. Vanishi ankasupuka, thabwa n'kupindika, kenako n'kung'aluka, ndipo kuitanitsa lina kunkatenga miyezi. Tsiku lina manijala, bambo wa ku Blantyre amene ankatuluka thukuta ngakhale mu Juni, anandiponyera long'aluka pa benchi n'kufunsa ngati ndingapange lofanana nalo. Ndinayankha kuti thabwa ndi thabwa. Pakamwa panga pankathamanga kuposa mutu masiku amenewo.

Ophunzira amakwera matabwa awiri, phazi lililonse lake. Odziwa amakwera limodzi, phazi lina kutsogolo lina kumbuyo, atagwira chingwe, n'kumadutsa uku ndi uku kumbuyo kwa boti, kuzungulira maboya asanu ndi limodzi. Maboya athu anali zigubu zopaka penti zomangirira ku miyala pansi pa nyanja. Azungu masewerawa ankawatcha silalomu. Ife tinkangoti thabwa limodzi, ndipo ndi limeneli limene linandilowerera.

Woyesa matabwa anga anali woyendetsa boti wa pahotelapo, Myao wa ku Chowe amene anakulira kwa amalume ake asodzi. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka zochepa, wamfupi, wamapewa, wosakonda zoyankhulayankhula. Ndinkamutchula kuti achimwene, iye n'kumanditchula kuti amisiri, ndipo akafuna kundinyogodola ankati amisiri a kumtunda. Popeza munthu sangakwere thabwa n'kuyendetsanso boti, anandiphunzitsa kugwira chiwongolero. Ndinkayendetsa nditavala chovala choyandamitsa chomanga mpaka m'khosi, asodzi m'mabwato mwawo akufa ndi phwete.

Thabwa langa loyamba linali lathyathyathya ngati chitseko. Mnzangayo anadzuka nalo bwino m'madzi, koma atati akhote, linamuthawa pansi pa mapazi, iye n'kugwa chammbali. Atavuuka anapukuta kumaso n'kundiuza kuti ndamupangira sopo. Zinandipweteka. Madzulo ake ndinatenga thabwa la kunja lija, n'kulidula ndi sowo malo asanu ndi limodzi kuti ndione mmene linakhalira. Apo m'pamene ndinaona kuti kunsi kwake n'kolowa pang'ono ngati supuni, kuti m'mphepete anasemamo mopendeketsa, ndiponso kuti kupendekako sikofanana kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Kuyambira pamenepo tinagwa m'ntchito. Pakati ndinkaika mkungudza chifukwa ndi wopepuka, m'mbali timizere ta mlombwa chifukwa supereseka msanga. Ndinkamata ndi guluu, n'kupanikiza ndi makilampu pa chipika chimene ndinachisema mokhota kuti mutu wa thabwa udzuke. Chipsepse cha kumchira, chimene chimagwira madzi kuti thabwa lisaterere, ndinkachidula ku chikwangwani chakale cha aluminiyamu. Zovekera mapazi zinali za mphira wa chubu cha thirakitala.

Tinkayesa m'mawa, iye akachoka ku mapemphero a swala ku mzikiti, mwera usanayambe kuvundula nyanja. Ankadutsa maboya kawiri, n'kusiya chingwe, ine n'kuzungulira kukamutenga. Atagwira m'mbali mwa boti ankapereka chigamulo m'mawu ochepa. Likukana kukhota. Likuluma. Mchira ukuvina. Ine ndinkabwerera ku shedi n'kusuntha chipsepse mulingo wa kamtengo ka machesi, kapena kudyako m'mphepete ndi puleni kawiri kokha, mawa n'kuyesanso. Zimene tapeza ndinkalemba ndi pensulo pa khoma la shedi. Nthawi zina tinkakangana mpaka kusiya kuyankhulana, chifukwa ine ndinkakhulupirira miyeso yanga ndipo iye ankakhulupirira nthiti zake, zimene zinali zitamenyedwa ndi madzi mokwanira.

Chimene ndinanyada nacho kwambiri ndinachitulukira chaka chachitatu. Munthu aliyense wa thabwa limodzi ali ndi mbali imene amakhotera mosavuta ndi mbali imene amavutika nayo, malingana ndi mwendo umene waika kutsogolo. Mnzanga ankatsogoza wamanzere, ndipo boya lililonse la mbali imodzi linkamuchedwetsa. Ndinaganiza kuti bwanji mbali yovutayo ndiisete mozungulira kwambiri kuti thabwa lizigwera lokha m'khota, ina n'kuisiya yakuthwa. Mphira wa kutsogolo ndinaudulanso motsata phazi lake, malo a chala chachikulu ali pake, kuti phazi lisamasewere. Atalikwera anadutsa maboya onse, chingwe titachifupikitsa, madzi akuthovoka kupitirira mutu wake. Atafika pa boti anangondigwira dzanja. Kuyambira tsiku limenelo thabwa lililonse labwino limene ndinkapanga linali la mwendo umodzi. Wa mwendo wina akalikwera, linkamuchita chipongwe: mbali yake yovuta inkakumana ndi mphepete yakuthwa, thabwa n'kuluma madzi mwadzidzidzi.

Zonsezi zinkachitika m'masiku a chipani chimodzi. Khadi la chipani tinkayenda nalo ngakhale pa boti, titalikulunga m'pepala la shuga kuti lisanyowe. Dera la Mangochi boma linkaliyang'ana ndi diso lofiira kuyambira pamene ena a kumeneko anaukira boma zaka zakumbuyo, ndipo panalibe banja la m'mbali mwa nyanja losadziwa munthu amene anatengedwa pa Landirova ya apolisi osabweranso msanga. Pahotela tinkadziwa kuti pakati pa operekera zakudya pali makutu, koma sitinkadziwa kuti ndi ati. Munthu unkaphunzira kuseka nthabwala utayamba wayang'ana kukhomo.

Mbiri ya matabwa anga inafika kumene sinkayenera kufika. Manijala anandiitana ku ofesi, n'kutseka chitseko, n'kundiuza kuti bwana wina wamkulu wa chipani m'chigawo, mwana wa komweko kunyanja, amva kuti pahotela pano Mmalawi akupanga zinthu zimene kale zinkachokera kunja. Pakutha pa milungu isanu kudzakhala msonkhano pa mchenga wa hotela, amayi adzavina, ndipo bwanawo adzakwera thabwa limodzi lopangidwa ndi manja athu pamaso pa anthu, kuonetsa chitukuko. Akuti masewerawa anaphunzira ali ku sukulu kunja.

Ndinafunsa zimene mmisiri aliyense angafunse: kulemera kwawo, kukula kwa phazi, ndi mwendo umene amatsogoza. Manijala anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Mukufuna ine ndikafunse bwana kuti amalemera bwanji? Ndikawafunse za miyendo yawo? Amisiri, muli ndi ana inu?"

Ndinali nawo awiri. Ndinafotokoza kuti pali njira yachidule yodziwira mwendo: munthu amaima mapazi pamodzi, wina n'kumukankha kumsana mosayembekezera, ndipo mwendo umene watsogola kudziteteza ndi womwewo. Alendo onse tinkawayesa choncho. Manijala sanaseke. Anati mawu amenewo asatulukenso pakamwa panga, ndipo Lamulungu likubwerali bwana adzadya nkhomaliro pahotela n'kukwera boti kukaona malo. Ndione ndi maso anga, ndili patali, ndipo ndisayerekeze kuwayankhula.

Pano ndiyenera kunena zoona. Ndikanatha kupanga thabwa wamba, lofanana mbali zonse, la mphira wolowa phazi lililonse, lalikulu, laulesi, losagwetsa munthu. Mnzanga anandiuza zomwezo. Koma ine ndinkafuna kuti bwana akatsika adzafunse kuti wapanga ichi ndani. Ndinkafuna dzina, ndipo ndinkalifuna kwambiri.

Lamulungu lija tinagwira ntchito ngati akuba. Kulemera anawerenga mnzanga, poona pamene madzi anafika pa mzere wa penti wa boti bwana atakhala pansi. Anadzandinong'oneza kuti ndi matumba awiri a chimanga kuchotsapo ndowa imodzi. Phazi ndinayeza ine pa mchenga wonyowa gulu litachoka, ndi kabango, ndikunamizira kutola zinyalala. Mwendo ndinauonera kuseri kwa shedi. Bwana pokwera boti anatsogoza wamanja. Atabwerako anatsika, kenako anakumbukira chipewa, n'kukweranso, wamanja. Polowa m'chipinda chodyera, pa sitepe, wamanja. Katatu konse. Ndinabwerera m'shedi mtima uli m'malo.

Thabwa limenelo ndinaligwirira ntchito kuposa lina lililonse m'moyo wanga. Ndinalitalikitsa ndi zala zinayi chifukwa cha thupi lawo, n'kulikulitsa pansi pa phazi lakutsogolo kuti adzadzuke msanga m'madzi. Mkungudza ndinasankha wopanda mfundo ngakhale imodzi. Vanishi ndinapaka kasanu ndi kawiri, ndikuseta pakati pake. Mnzanga ataona mphira, anauzunguliza m'manja n'kufunsa kuti mwendowo ndaudziwa bwanji. Nthawi yomweyo woperekera zakudya wina anali pakhomo pa shedi, akuti akufuna msomali. Kunena pamaso pake kuti ndinakhala tsiku lonse ndikuzonda mapazi a bwana kunali kudziitanira Landirova. Ndinayankha mwachidule kuti ndinaona ndekha. Woperekera uja atachoka, mnzanga sanafunsenso, ine sindinafotokoze. Ndinkaona ngati palibe chofotokoza.

Kuyesa kunavuta chifukwa mnzanga anali wamanzere. Analikwera motsogoza mwendo wosazolowera, n'kugwa kawiri, n'kunena kuti iye sangaweruze thabwa ali chidodo pa mwendo wa eni. Mwayi wake, kumapeto kwa mlungu kunabwera mzungu wa ku minda ya tiyi, wonenepa, wotsogoza wamanja. Analikwera n'kudutsa maboya onse, ndipo atatsika anafuna kupita nalo kwawo. Tinasuntha chipsepse pang'ono kutsogolo kuti lisamakakamire potuluka m'khota, iye n'kuyesanso, n'kuvomereza. Thabwalo linalibe vuto, ndipo mpaka lero ndimatero.

Tsiku la msonkhano nyanja inali bata ngati yapangana ndi chipani. Amayi ovala nsalu za chipani anafika pa malole kuchokera ku boma, ena mpaka ku Chowe. Anyamata a chipani a malaya ofiira anaima m'mizere kuyambira pa khonde la hotela mpaka m'madzi. Alendo a pahotela, azungu ndi amwenye, anakhala pakhonde ndi zakumwa zawo. Wolankhula pa chimkuzamawu ananyamula thabwa langa m'mwamba, n'kuuza anthu kuti ili ndi thabwa la Amalawi, lopangidwira bwana mwapadera. Anthu anaomba m'manja, ndipo ine mutu unakula.

Ntchito yoveka bwana thabwa inali yanga. Ndinalowa m'madzi olekeza m'chiuno, chovala changa choyandamitsa chili m'khosi, n'kuligwira. Bwana anabwera atavala kabudula wosambira, anyamata awiri ofiira ali m'mbali mwawo. Anagwira phewa la mmodzi, n'kutukula mwendo kuti alowetse mu mphira wa kutsogolo, osaganizira n'komwe, monga amachitira munthu amene anazichitapo. Unali mwendo wamanzere.

Ndinatembenukira ku boti, ndipo mnzanga anali akukwera kumene. Anatsogoza wamanja, milomo ikunena bisimila, monga ankachitira m'mawa uliwonse kwa zaka zonse zimene ndinamudziwa, iye amene pa thabwa anali wamanzere. Ndinali nditaziona kambirimbiri osaziika kumutu. Ana a m'mabanja achisilamu a kunyanja amaphunzitsidwa kulowa m'nyumba, mu mzikiti ndi m'bwato ndi mwendo wamanja, ndipo wolakwitsa amabwezedwa pakhomo kuti alowenso. Bwanawo anabadwira m'banja lotero. Anasintha chipembedzo ku sukulu ya mishoni, koma mapazi anasunga zimene amayi awo anawaphunzitsa. Msodzi aliyense pa mchenga paja akanandiuza zimenezi ndikanafunsa.

Phazi linakana kulowa bwino. Chala chachikulu chinapanikizika kumene ndinasiyira malo a kachala kakang'ono. Bwana anakwinya nkhope n'kundiyang'ana koyamba.

"Ichi n'chiyani?"

M'sitolo ya hotela munali thabwa wamba la alendo, lolowa phazi lililonse. Kukalitenga kunali kuyenda mphindi ziwiri. Koma kunali kunena kuti ndalakwitsa, pamaso pa anyamata ofiira, chimkuzamawu chitangolengeza kuti thabwali ndi la bwana mwapadera. Akanafunsa kuti ndinalakwitsa bwanji, ndipo yankho lake linali loti ndinawazonda. Ndinaganiza za ana anga. Ndinaganizanso za manyazi anga, ndipo sindinganame kuti ndikudziwa chimene chinalemera kwambiri.

"Pepani bwana, limeneli ndi la mtundu watsopano. Limafuna wamanja kutsogolo. Akatswiri akunja akukwera choncho masiku ano."

Anandiyang'ana kanthawi. Munthu wamkulu sangavomere pagulu kuti sadziwa za masiku ano. Anasintha mwendo, phazi n'kulowa ngati mu nsapato yawo. Ndinawapatsa chogwirira cha chingwe, n'kubwerera kumtunda.

Ulendo woyamba sanadzuke n'komwe. Boti litakoka, thabwa linapita kumbali, iwo n'kumwa madzi, n'kusiya chingwe. Zimenezi zimachitikira aliyense, ndipo amayi anapitiriza kuimba. Ulendo wachiwiri anadzuka theka, akugwedera, n'kugwa chagada. Nyimbo inayamba kuchepa mphamvu. Mnzanga anazungulira, n'kuwabwezera chingwe, ndipo ndinamuona akuwerama kuwauza kanthu. Bwana anamukaniza ndi dzanja. Ndinamva pambuyo pake kuti ankawapempha kuti ayambe ndi matabwa awiri.

Ulendo wachitatu anadzuka. Anaimirira ndithu, ndipo mchenga wonse unaphulika ndi nthungululu. Ine ndinayamba kupempherera kuti angoyenda molunjika kumbuyo kwa boti, akweze dzanja, abwere. Akanatero, nkhani ikanathera pomwepo. Koma nthungululu zinawalowa. Anapendekera kunja, kudutsa mafunde a boti, kulunjika boya loyamba. Thupi lawo linkafuna kukhota monga linazolowera, pamene mapazi anali mosemphana, ndipo thabwa langa linali lomvera kwambiri, losakhululuka. Mphepete inaluma madzi. Bwana anauluka kutsogolo, n'kumenya nkhope pamadzi, n'kugubuduka kawiri, miyendo m'mwamba. Phokoso lake linamveka mpaka pakhonde.

Nyimbo inaduka. M'chete mmenemo, wina pakhonde la alendo anaseka. Kunali kuseka kumodzi, kwakufupi, kwa munthu amene ankadziwa kuti mawa akwera ndege.

Mnzanga anabwera nawo bwana pa boti, magazi akutuluka m'mphuno, kabudula atatsika mbali imodzi. Anawafunditsa thaulo n'kupita nawo m'chipinda. Palibe amene anatiuza kuti tichoke, choncho tonse tinaima padzuwa. Patapita nthawi, akuluakulu awiri a chipani anatuluka, mmodzi wovala suti, n'kutiitanira ine ndi mnzanga kuseri kwa shedi, manijala ali pambuyo ngati mbuzi yopita kumsika.

Wa suti anati bwana ndi katswiri wa masewerawa, ndiye kugwa katatu sikungakhale kwa iwo okha. Pali amene wafuna kuchititsa manyazi chipani. Mwina ndi thabwa, mwina ndi boti. Anayamba ndi ine.

"Thabwali lili bwino?"

"Lili bwino, bwana. Tinaliyesa. Mzungu wa ku tiyi anadutsa nalo maboya onse. A manijala anaona."

Manijala anavomera msangamsanga. Mawu onse amene ndinanena anali oona, ndipo ndinkadziwa kumene akulowera. Wa suti anatembenukira kwa mnzanga n'kufunsa kwawo. Atamva kuti ku Chowe, anagwedeza mutu ngati wapeza chimene amafuna. Anafunsa chifukwa chake anathamangitsa boti bwana ali pakhota. Mnzanga anati liwiro linali limodzimodzi kuyambira poyamba, ndipo linalidi limodzimodzi, khutu langa linkaidziwa injini ija. Anafunsidwa ngati pali china chimene akufuna kunena. Anandiyang'ana. Sikunali kuyang'ana kopempha kapena koopseza, anangondiyang'ana monga ankachitira akagwira m'mbali mwa boti, ine ndikudikira chigamulo. Ine ndinayang'ana pansi. Anati palibe.

Anamutenga masana omwewo, zovala zili zonyowa. Nsapato zake zinatsala m'boti.

Masiku otsatira ndinkadikira kuti abweranso kudzatenga ine. Galimoto iliyonse yolowa pachipata inkandisiyitsa ntchito. Sanabwere. Manijala analemba woyendetsa boti wina, n'kulamula kuti za thabwa limodzi zithe, maboya azulidwe. Ndinabwerera ku mipando ndi zitseko. Khoma la shedi ndinalipaka laimu ndekha, chifukwa manambala ndi mizere zikanatha kuoneka ngati china chake kwa munthu wofuna kupeza mlandu.

Mkazi wa mnzanga anabwera patapita masiku anayi, mwana kumsana, kudzafunsa chimene chinachitika. Anzake onse a mwamuna wake anali atayamba kumuzemba, chifukwa kucheza ndi banja la munthu wotengedwa kunali kudziika pa mndandanda. Ndinamuuza kuti mwamuna wake sanalakwe chilichonse. Zambiri sindinanene. Anachotsedwa m'nyumba ya hotela n'kubwerera ku Chowe ndi ana atatu. Kuyambira mwezi umenewo ndinkapalasa njinga kupita kumeneko, nditanyamula ufa, sopo, nthawi zina usipa. Ndinawafolerera nyumba, ndinapangira ana mabenchi, wamkulu atadwala ndinamunyamula kupita naye kuchipatala. Mkazi wanga ankaopa, n'kumandifunsa kuti chikundikakamiza n'chiyani. Ndinkati ubwenzi. Anthu a ku Chowe anayamba kundilonjera ngati m'bale, amayi achikulire n'kumandidalitsa m'Chiyao, ine ndikumva ngati ndameza mwala.

Anamutulutsa patapita mvula zitatu. Sanaweruzidwe, sanauzidwe mlandu, anangomutsegulira chipata. Ndinamva kuti wafika koma ndinatha milungu iwiri osapita. Anabwera yekha ku shedi, masana, ndikupala mwendo wa tebulo. Mapewa aja anali atatha. Mano akutsogolo munalibe, ndipo dzanja lamanja silinkatambasuka bwino. Tinalonjerana monga mwa mwambo, za kunyumba, za ana, za mvula. Anathokoza chifukwa cha denga. Kenako anafunsa ngati thabwa lija lilipo.

Linali pamwamba pa mitanda, nditalikulunga m'chiguduli. Ndinalitsitsa. Analiika pa maondo, n'kuyendetsa chala m'mphepete, mbali iyi, kenako inayo, monga ankachitira kale. Analowetsa dzanja mu mphira, umene unali utayamba kuuma. Ine ndinali nditakonza mawu kwa zaka zitatu, koma iye ndiye anayamba kuyankhula.

"Ndinaona mwendo umene anayamba kutukula, amisiri," anatero, maso ali pa thabwa. "Ndinali pa boti, koma ndinaona."

Ndinakhala pansi pa utuchi. Ndinamufunsa chifukwa chake sananene, tsiku lija kapena kumene anali. Anati kumeneko anamufunsa kambiri kuti anapangana ndi ndani, ndipo dzina langa linafika pa lilime kangapo, makamaka chaka choyamba. Koma anaganiza kuti akanditchula, sakamutulutsa iye, angotitsekera tonse awiri, ndipo mabanja awiri akhala opanda mwamuna.

"Ndinadziwanso kuti simugona tulo," anatero. "Munthu wosagona tulo sangasiye ana anga ndi njala."

Ndinalira pamaso pake, kulira kwenikweni. Ndinati ndipita ku Chowe ndikanene zonse kwa mkazi wake ndi abale ake. Anakana. Anati mkazi wake zaka zitatu zimenezo anapirira chifukwa ankakhulupirira kuti padziko patsala munthu mmodzi wabwino, ndipo iye sakufuna kumulanda zimenezo. Ngati ndikufuna kupepuka, ndipeze njira ina, osati kusenzetsa mkazi wake. Anandibwezera thabwa, n'kunena kuti mbali yamanzere ndinaisiya yakuthwa kwambiri pafupi ndi mchira, ngakhale kwa munthu wamanja. Atatero ananyamuka.

Sanakwerenso thabwa, ndipo ine sindinapangenso lina. Tinkaonana pa maliro ndi pa maukwati, n'kumacheza za mitengo ya nsomba ndi za ana. Za tsiku lija sitinazitchulenso. Anamwalira chipani chija chitachoka kale, nthawi imene anthu anayamba kufotokoza poyera zimene anaona, koma iye sanafotokozere aliyense.

Mkazi wake ali moyo, wakalamba, amakhala ndi mwana wake wamkazi ku boma. Ndikapita kukamuona amaitana adzukulu kuti abwere adzandigwire dzanja. Amawauza kuti pamene anthu onse anathawa, bambo awa okha ndi amene sanatitaye. Ana aja amagwada mmodzimmodzi, ine n'kumawapatsa dzanja.